Kashopu ka pa Rockey Street kamene kanachotsa laputopu yathu m'manja mwa akuba

Kwa inu a ku Yeoville, Berea ndi Hillbrow kuno ku Joni amene mumafunsa kokonzetsa laputopu, pali kashopu pa Rockey Street, kogawana chipinda ndi okonza mafoni, komwe kumagwira mnyamata wa ku Mangochi. Ndikumuvomereza pa ntchito imene ndaiona ndi maso anga, yochotsa vairasi imene imasandutsa kompyuta yako chida chotumizira maimelo achinyengo.

Ine ndine mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro. Mayina a mamembala, zopereka za pamwezi ndi mapepala onyamulira thupi kupita kumudzi, zonse zimakhala pa laputopu yakale ya bungwe. Mamembala anayamba kulandira maimelo ochokera pa adiresi yathu, ena onamizira kuti SARS, bungwe la misonkho la kuno, ikubweza ndalama, ena olonjeza ntchito ya m'nyumba ku Sandton bola uyambe walipira yolembetsera. Mayi wina wogwira maganyu ku Randburg anatumizadi R400, chifukwa anaona dzina la bungwe limene linamuthandiza kutumiza maliro a mlongo wake ku Zomba.

Okonza ambiri m'tauni muno amangoti "tifomate", kutanthauza kufufuta zonse za mu laputopu, basi. Uyu sanapupulume. Anayatsa laputopu, osatsegula pulogalamu iliyonse, n'kunditembenuzira sikirini. Manambala osonyeza data yotuluka ankangokwera. "Amayi, mukuona? Inu manja ali pamwendo, koma makinawa akugwirira ntchito munthu wina." Mu imelo munadzaza mauthenga onena kuti kalata sinafike, kwa anthu amene sitinawamvepo. Atafufuza mkati mwa akaunti anapeza kuti wina anatchera kuti kalata iliyonse yobwera kwa ife izipitanso ku adiresi yachilendo. Wongofomata akanachisiya chimenechi, poti sichikhala mu laputopu ayi, chimakhala mu akaunti ya imelo. Pamenepa ndi pamene ndinaona kuti ndalama yathu siipita pachabe.

Anandifotokozera kuti zimenezi ndiye botnet: makompyuta ambirimbiri a anthu osadziwa kanthu, onse ogwidwa ndi vairasi imodzi, akumvera mwini mmodzi amene amawabwereketsa kwa akuba. Kawirikawiri vairasiyo imalowa kudzera pa fayilo ya Word kapena linki yonamizira kuti ndi invoisi. Laputopu yathu inali khomo losatseka, poti inali pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020.

Anakopera mafayilo athu pambali, n'kuwayeza asanawabweze. Poti makinawo sangakwanitse Windows 11, anaikamo Linux Mint, yaulere, m'malo mwa Windows, ndipo kaundula wa zopereka anatseguka bwinobwino. Pasiwedi anandisinthitsa pa foni yanga, iye atayang'ana kumbali, n'kuyatsa zoti polowa mu imelo pazibwera nambala pa foni. Zonse pamodzi R450.

Chimene chikundiwawabe ndi choti anthu ochita zimenezi amalangidwa mopepuka. Malamulo alipo. Kuno POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, imaletsa kutumizira munthu malonda pa imelo kapena SMS asanavomere, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika R10 miliyoni kapena zaka 10 m'ndende. Palinso Cybercrimes Act ya 2020, ndipo kwathu tili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Koma taonani za Peter Levashov wa ku Russia, mwini botnet ya Kelihos imene inagwira makompyuta masauzande ambiri. Anamumanga ku Barcelona mu 2017, anavomera milandu ku America, ndipo mu 2021 khoti linati miyezi 33 imene anakhala m'ndende ikukwanira. Botnet ina yotchedwa Emotet apolisi a mayiko angapo anaigwetsa mu Januwale 2021, chaka chisanathe inali itadzukanso. Munthu woona zimenezi aopa chiyani?

Ine ndikuti ndende ikhalepo ndithu, ndipo zaka ziziwerengedwa molingana ndi kuchuluka kwa anthu oberedwa, osati ngati mlandu umodzi. Koma choyamba amulande chuma chonse chimene anapeza, chibwerere kwa eni ake, ndipo akatuluka asaloledwe kugwira ntchito ya makompyuta kwa zaka zambiri. Tisaiwalenso wapafupi. R400 ya mayi uja sinapite ku Russia, inalowa mu akaunti ya banki ya konkuno ku Joni. Wobwereketsa akaunti yake kuti alandire kachepe ndi mnzake wa wakuba, ndipo ameneyo ndi wosavuta kumupeza. Akuba amadziwa kuti ambiri a ife timaopa kupita kupolisi chifukwa cha mapepala, n'chifukwa chake amatikonda. Amene mapepala anu ali bwino, perekezani anzanu kapena kanenani inuyo m'dzina la bungwe.

Zolakwika pa shopuyi zilipo. Malo ndi opanikiza, mpando wa kasitomala ndi umodzi, ndipo nyimbo za okonza mafoni zimakuchititsa kulankhula mokuwa za zinthu zimene sufuna ena amve. Malaputopu a anthu amakhala pakauntala pafupi ndi khomo, zimene sizinandisangalatse pa msewu wodutsa anthu ambiri ngati umenewu. Lisiti sanafune kupereka mpaka nditanena kuti, "Achimwene, ndalama ya bungwe siyenda popanda pepala, asungichuma andifunsa." Anakabwereka buku la malisiti kwa oyandikana nawo. Munthu waluso chonchi ayenera kukhala ndi lake.

Mukamapita tengani chaja ndi foni imene ili ndi nambala yolembetsera imelo yanu, ndipo muuzeni ayang'anenso mkati mwa akaunti, osati laputopu yokha. Ngati muli mafayilo a anthu ena, monga mmene zilili kwa ife, khalani pomwepo mpaka amalize kukopera. Lachisanu masana amatseka kupita ku mzikiti, ndiye fikani m'mawa.