Buku la Nikon D3200 ndikuligwiritsa ntchito pa D3300, nyenyezi 4 pa 5

Kamera yanga ndi Nikon D3300, ndinagula kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, inalibe bokosi ngakhale kabuku kake, kamera, lenzi ya 18-55, batire imodzi ndi chaja basi. Buku lomwe ndikunena pano ndi la D3200, lachingerezi, lonenepa ndithu lazithunzi zamitundu, ndinalipeza kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe.

Ndiye amene mukufunsa ngati buku la kamera ina lingakuphunzitseni kujambula, ine ndikuti eya, bola makamerawo akhale a bere limodzi ngati awiriwa. D3200 inatuluka 2012, D3300 inabwera 2014, onse ndi 24 megapixels, ma focus point 11, kagudumu kamodzi kokha kumbuyo pomwe pamakhala chala chachikulu, ndipo mabatani ambiri ali malo omwewo moti ukayang'ana chithunzi m'buku n'kuyang'ana kamera m'manja sutayika ayi.

Chaputala chomwe chandigwira mtima ndi cha M, A ndi S, zilembo za pa gudumu lapamwamba zosankhira kajambulidwe, pa M zonse umasintha wekha. Wolembayo safulumira, amakuonetsa chithunzi chimodzimodzi pa aperture (bowo lolowera kuwala mu lenzi) ya f/5.6 kenako ya f/16 kuti uone wekha mmene kumbuyo kumasinthira. Mmenemo ndi momwe ndinadziwira kuti ukakhala pa M kagudumu kakumbuyo kaja kamasintha shutter (nthawi yomwe kamera imatsekulira kuwala), koma ukafuna aperture uyenera kudina kabatani ka +/- kali pafupi ndi batani lojambulira uku ukuzungulitsa gudumulo, ndipo pa D3300 zimagwira chimodzimodzi. Palinso nkhani ya batani la Fn, lili kutsogolo chakumanzere pansi pa la fulashi, ukhoza kulipatsa ntchito ya ISO (mphamvu ya kamera yoonera kuwala) kudzera mu Setup menyu, zimapulumutsa kwambiri mu tchalitchi mkwati akulowa iwe ulibe nthawi yofufuza mu menyu.

Linandichenjezanso za ma lenzi. Makamera awiriwa alibe mota ya focus mkati, ndiye ukagula lenzi yakale ija ya 50mm f/1.8D chifukwa yotchipa, focus uzichita ndi dzanja. Yoyenera ndi yolembedwa AF-S. Peji imeneyo yokha inabweza ndalama yanga ya buku.

Koma pali malo omwe bukuli silingakuthandize ndipo ndi bwino mudziwiretu. Lenzi yomwe inkabwera ndi D3300 ndi yopindika ija ya VR II, ili ndi kabatani m'mbali, ukayatsa kamera osaitambasula imakana kujambula n'kulemba uthenga pa sikirini, m'bukumu mulibe chilichonse cha zimenezi chifukwa lenzi ya D3200 inali yamtundu wakale. Manambala enanso ndi osiyana, buku likuti ISO imathera pa 6400 pomwe yanga imafika 12800, likuti zithunzi 4 pa sekondi yanga ndi 5, vidiyo ya 1080 pa 60p mulibe, ndipo pa gudumu lapamwamba la D3300 pali EFFECTS pomwe pali panorama, zomwe simuzipezamo n'komwe. Zimenezi ndinangotsitsa PDF yaulere ya kabuku ka D3300 pa webusaiti ya Nikon, ndimayang'ana pafoni ndikakayikira.

Pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi ndi pa zitsanzo. Bukuli analembera anthu akunja, zithunzi zake ndi za chisanu choyera mbee m'mapiri, masamba ofiira, ana achizungu pa kapinga. Khungu lakuda palibe ndi pamodzi pomwe, chonsecho ntchito yathu kuno ndi zinkhoswe, maukwati, ma graduation, ndipo vuto lalikulu lili pomwepo, mkwati wavala diresi loyera nkhope yake ndi yakuda dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Kamera ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala, diresi limatuluka bwino koma nkhope mdima okhaokha, munthu wakulipira ndalama zake akuona chithunzi osadzizindikira, zimawawa zimenezo.

Chomwe chinandithandiza ndi chaputala cha chisanu chomwecho. Akuti pojambula zoyera zambiri uwonjezere kuwala ndi +0.7 kapena +1, ndinakayesa pa amayi a Mvano atavala mabulauzi ndi maduku awo oyera panja pa tchalitchi, nkhope zinaoneka bwinobwino mpaka maso. Kungoti uyatse Highlights poonera zithunzi, malo opsa amaphethira pa sikirini, ukaona bulauzi yonse ikuphethira bwerera pang'ono. Njira ina ndi kudzutsa fulashi ngakhale masana kuti ichotse mthunzi pansi pa maso, apa bukuli likufotokoza bwino kuti shutter siidutsa 1/200 fulashi ikakhala yoyaka, ndiye ISO ikhale 100 ndipo aperture uitseke cha ku f/11 apo ayi chithunzi chonse chiyera. Zonsezi zilimo koma uyenera kuzimasulira wekha kuti zigwirizane ndi anthu athu, bukulo silikuuza.

Chingerezi chake ndi chosavuta, wa Fomu 4 akhoza kutsatira, koma chaputala cha mapulogalamu a pakompyuta n'chakalekale ndinangochidumpha.

Amene muli ndi D3300 kapena D3400 mukalipeza tengani musachedwe. Koma ngati yanu ndi D7000 kapena D7100 lisiyeni, amenewo ali ndi magudumu awiri, mota ya focus mkati ndi kasikirini kena pamwamba, mabatani ake ali malo ena ndipo buku ili lingokusokonezani.