Anyezi wa amaryllis wa pa msewu wa M1 wandipatsa maluwa kachitatu

Pali bambo wina wachikulire amene amagulitsa mbande ndi maluwa m'mbali mwa msewu wa M1, munthu ukatsala pang'ono kukhotera ku boma la Dedza. Mu Meyi 2022 ndinagula kwa iwo anyezi atatu a amaryllis ndi awiri a hyacinth, maluwa amene amamera kuchokera ku mbewu yooneka ngati anyezi. Julayi wa 2024 amaryllis uja anatulutsa maluwa ofiira m'nyumba mwanga kachitatu, ndipo amayi anzanga akutchalitchi akhala akundifunsa komwe ndinamupeza.

Anyezi aliyense anali wamkulu ngati chibakera, wolimba, wopanda chuku. Mtengo wake unali wokwera ndithu, koma bambowo sanangolandira ndalama n'kundisiya. Anandipatsa kampando n'kuyamba kundilangiza: "Mayi, musamukwirire yense. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhale pamtunda. Mphika ukhale woboola pansi ndipo usakule, pakati pa anyezi ndi m'mphepete pangokwana zala ziwiri." Ndinasakaniza dothi lakuda, mchenga ndi manyowa owolerana bwino. Patatha masabata 7, nkhungu itaphimba phiri la Dedza, tonse titavala majuzi, pa zenera panali phesi lalitali la amaryllis lokhala ndi maluwa anayi onga malipenga.

Chaka choyamba aliyense amatha, chifukwa duwa limakhala lili kale m'kati mwa anyezi pamene ukugula. Nkhani yagona pa zomwe umachita maluwa akafota, ndipo apa m'pamene malangizo a bambowa anaposa ndalama zomwe ndinapereka. Anati ndidule phesi lokha, masamba ndisawakhudze. Anandifanizira ndi kachewere: mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti masamba akafa msanga, pansi umakumba tating'onoting'ono. Masamba ndi amene amadyetsa anyezi kuti apange duwa la chaka chamawa. Mphika umodzi ndinaudula masamba poona kuti akugwera pansi n'kumadetsa pabalaza. Mu 2023 miphika iwiri inachita maluwa, wodulidwa uja unangotulutsa masamba okhaokha, ndipo mtima unandiwawa.

Panopa ndimachita chonchi. Kuyambira Ogasiti mpaka Malichi miphika imakhala pakhonde pomwe dzuwa la m'mawa limafika. Ndimathirira dothi likauma pamwamba, ndipo mwezi uliwonse ndimathira feteleza wa D compound wongotsina ndi zala. Kumapeto kwa Malichi ndimasiya kuthirira, miphika ndimaigoneka cham'mbali m'chipinda chozizira chosungiramo chimanga. Masamba amachita chikasu okha n'kuuma. Anyezi amagona masabata 8 kapena 10. Kumayambiriro kwa Juni ndimachotsa dothi lapamwamba, ndimaika latsopano, ndi kuthira madzi pang'ono pokha mpaka nsonga yobiriwira itaonekera. Amene anabzala amaryllis pansi m'dimba amaona maluwa cha mu Okutobala mvula isanayambe. Kuti achite maluwa m'nyumba nthawi yozizira, ndiwe mwini amene umasankha nthawi yomugoneka ndi yomudzutsa. Duwali kwawo ndi ku South America, choncho sililira chisanu choopsa.

Chimene bambowa sanandiuze ndi za mbozi yakuda ya mawanga achikasu imene imabwera nthawi ya dzinja. Imaboola tsamba n'kutsika m'kati mpaka kukadya anyezi. Ndimayang'ana masamba m'mawa uliwonse, ndikaona tsamba lili ndi njira yofewa m'kati ndimalidula pomwepo.

Dandaulo langa lenileni ndi la hyacinth. Chaka choyamba anachita maluwa onunkhira nyumba yonse, basi n'kuthera pomwepo. Duwa limeneli limafuna kuzizira kosadukiza kwa masabata pafupifupi 12, kosaposa madigiri 9. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo usiku wa Juni kumazizira mpaka zala kuuma, koma masana dzuwa limawala n'kutenthetsa dothi. Ndinayesa m'fuliji, koma ndi kuzimazima kwa magetsi anyezi onse awiri anawola. Wogulitsa ayenera kumuuza munthu asanatulutse ndalama kuti ili ndi duwa la chaka chimodzi kuno kwathu. Nditabwerera kukawauza, bambowo sanatsutse. Anapepesa n'kundipatsa kamwana ka anyezi wa amaryllis woyera, n'kunena kuti ndikadikire zaka ziwiri kapena zitatu.

Kwa amene muli ndi ana, anyeziyu ndi wapoizoni ndipo akauma amafanana kwambiri ndi wothira mu ndiwo. Musamusunge kukhitchini.

Mukafuna kukagula, pitani mu Meyi, mufinye anyezi aliyense ndi dzanja, ndipo mufunse amaryllis. Kamwana koyera kaja panopa kali ndi masamba anayi, ndipo ndakaika mumphika wakewake kumapeto kwa khonde.