Patatha chaka ndikutumiza katundu pandege: risiti yatsopano ndi nkhani ya misonkho ya Trump

Chaka chatha ndinayamikira kwambiri ajenti wa ku Kempton Park amene amanditumizira magalasi a foni ndi machaja kuchoka kuno ku Johannesburg kupita kwa mng'ono wanga ku Limbe. Mlamu wanga wa ku Rosettenville wandifunsa ngati ndikadali nawo, poti naye akufuna kuyamba kutumiza nsapato. Funsolo lafika sabata yomwe ndalandira risiti yondiwawa, ndiye ndiyankhire pano kuti ena amve nawo.

Zabwino zija zilipobe. Katundu amadzatenga pakhomo, pa WhatsApp amayankha, ndipo palibe galasi lomwe linafika losweka. Mapepala amalemba molongosoka, moti mng'ono wanga akapita kukalipira msonkho wa MRA sachedwa. Amene anatumizapo zinthu zosachedwa kusweka pabasi yodutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza akudziwa kuti zimenezi si zazing'ono.

Vuto losatha ndi katundu kutsala pa bwalo la ndege la OR Tambo. Makatoni athuwa alibe ndege yawoyawo, amalowa kunsi kwa ndege ya anthu, ndipo masutikesi a okwera ndiwo amayamba. Malo akatha, ife timatsala. Zimenezo ndimazimvetsa. Chondipweteka n'chakuti ajenti sakuuza. Mu Ogasiti mng'ono wanga anatseka shopu, n'kukwera minibasi kupita ku Chileka atalonjeza makasitomala kuti pofika madzulo foni zawo zikhala zitakonzedwa. Anadikira mpaka ndege inatera, anthu onse n'kutuluka, katoni osaoneka. Nditaimba ku ofesi, mayi wakumudzi komwe amene amagwira kumeneko anati, "Pepani achimwene, ndege yaikulu ija ikudikira sipeya, lero anatumiza yaing'ono." Iwo anadziwa m'mawa, koma uthenga umodzi wokha anaulephera. Katoni inafika sabata yotsatira, kasitomala wina atatenga kale foni yake kupita nayo kwina. Zoterezi zachitika mobwerezabwereza, ndipo nthawi zonse woyamba kuimba ndimakhala ine.

Tsopano risiti ya sabata ino. Pansi pa mtengo wa pa kilo pawonjezeka mzere wa R380 wopanda tanthauzo. Bwana wa ku ofesi ya ajentiyo anangoti, "Ndi misonkho ya Trump imeneyo bambo, chilichonse cha ndege chakwera."

Sikuti ananama zonse, ndipo apa ndiwachitire chilungamo. Pangano la 1979 linachotsa msonkho pa ndege za anthu ndi zipangizo zake pakati pa mayiko ambiri opanga ndege, n'chifukwa chake ndege imodzi imapangidwa ndi manja a mayiko ambiri. Mapiko a Boeing 787 amachokera ku Japan, mbali ina ya thupi lake ku Italy. Injini za Boeing 737 zimapangidwa ndi GE ya ku America mogwirizana ndi Safran ya ku France. Ngakhale pafupi pompa ku Centurion, kampani ya Aerosud imapanga tizigawo topita ku Airbus ndi Boeing. Ndiye America itaika msonkho wa 25 peresenti pa chitsulo ndi aluminiyamu mu Marichi 2025, n'kuukweza kufika 50 peresenti mu Juni, opanga ndege anamva kuwawa. GE Aerospace inanena kuti misonkho idya pafupifupi madola 500 miliyoni m'chakacho, RTX, mwini wa kampani yopanga injini za ndege ya Pratt & Whitney, inatchula 850 miliyoni. Mu Epulo China inasiya kulandira ndege za Boeing, moti zina zomwe zinali kale ku Zhoushan, ku China komweko, zinabwerera ku Seattle, ku America. Wopanga injini akalipira zambiri amakweza sipeya, kampani ya ndege imakweza mitengo, ndipo pamapeto pake imafika kwa ife a makatoni.

Koma nkhaniyo sinathere mu Epulo. China inayambanso kulandira ndege mu Juni. Kumapeto kwa Julayi America ndi European Union anagwirizana kuti ndege ndi zipangizo zake zisakhudzidwe ndi misonkho yatsopanoyo. Brazil itawonjezeredwa 40 peresenti, ndege za kampani yakumeneko ya Embraer anazipatula. Msonkho wa 30 peresenti womwe South Africa inapatsidwa mu Ogasiti 2025 unali wa katundu wolowa ku America, monga vinyo, pomwe katoni yanga imatera ku Chileka. Kusowa kwa masipeya nako kunayamba kale, kuchokera nthawi ya Covid-19, n'kukula mu 2023 injini zambiri za Pratt & Whitney zitaitanidwa kuti zikaunikidwe. Pa ulendo wathu uno chimene chimasuntha mtengo msanga ndi mafuta a ndege komanso mphamvu ya randi pa dola.

Ndinabwereranso ku ofesi ndi funso limodzi: ngati ndalamayi yaikidwa ndi kampani ya ndege, ndioneni pa pepala lawo la katundu. Bwanayo anatsegula kompyuta, anayang'anayang'ana, kenako anati andichotsera theka poti ndine kasitomala wakale. Apa m'pamene mtima unandiipira kwambiri. Msonkho wa boma munthu sauchotsa theka chifukwa chodziwana. Akanangonena kuti lendi ya nyumba yosungira katundu yakwera, kapena kuti malo pandege akudula, ndikanalipira osadandaula. Tonse tili kuno kudzasaka ndalama, ndipo sindikufuna kuti bizinesi ya m'bale wathu igwe.

Tsiku limenelo ndinatuluka nditatsimikiza kuwasiya. Nditafika kunyumba n'kuwerengera magalasi omwe ankasweka kale pabasi, mtima unatsika pang'ono. Pa katundu wamng'ono, wodula ndi wofunika msanga, ajenti ameneyu akundipindulirabe, ngakhale phindu lachepa.

Alamu, nsapato zanuzo ayi. Pandege sayeza sikelo yokha, amachulukitsa kutalika, m'lifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6000, ndipo chomwe chakula pakati pa chimenecho ndi kulemera kwake n'chomwe mumalipira. Mabokosi a nsapato ndi mpweya wokhawokha, pitani nawo pabasi. Ine ndawauza kuti ndikhala nawo mpaka Disembala, nthawi yomwe ndege zimadzaza ndi anthu opita kumudzi. Katoni ikatsalanso iwo osandiuza, kapena mzere wa R380 ukabweranso wopanda pepala, katundu wa Januwale ndikapereka kwina.