Mirai, Nexo kapena ya batire: yankho langa kwa inu ondifunsa

Mwandifunsa kokwanira za galimoto zoyendera haidrojeni, ndiye ndiyankhe kamodzi. Ndineneretu kuti ine ndi wa Toyota kuyambira kale, musadabwe mtima ukamapendekera komweko.

Zolimbirana msika kwenikweni ndi ziwiri: Toyota Mirai, yomwe inatuluka mu 2014 n'kukonzedwanso mu 2020, ndi Hyundai Nexo ya mu 2018. Honda inasiya kupanga galimoto yake ya haidrojeni, Clarity, mu 2021. Zonse zimaphatikiza haidrojeni ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga magetsi oyendetsa galimoto, kumbuyo kumangotuluka madzi. Mirai ili ndi batani lolembedwa H2O. Ukalidina, madzi aja amakhuthukira pamsewu kuti asakanyowetse m'galaja. Nexo ndi yaitali, katundu amalowa wambiri, pomwe Mirai ndi yotsika ndipo kumbuyo n'kothina. Pa mtunda sizisiyana kwenikweni, zonse zimapitirira makilomita 600, ndipo kuthira kumatenga mphindi zisanu zokha.

Chondipweteka chili pa pampu. Ku California, kumene galimotozi zagulidwa kwambiri ku America, kilogalamu imodzi ya haidrojeni inafika madola 36 mu 2023. Matanki a Mirai amalowa makilogalamu 5.6, ndiye werengani nokha: kudzaza kamodzi, madola opitirira 200. Toyota inkapatsa ogula khadi lothirira ulere la madola 15,000, koma anthu anawerengera mtengo wakale, womwe sunkafika ndi theka lomwe. Mtengo utakwera, khadi lija linayamba kutha msanga, kenako zonse n'kugwera mthumba mwa mwini galimoto.

Ngakhale ndalama uli nazo, ukathira kuti? Mu February 2024 kampani ya mafuta ya Shell inatseka malo ake othirira galimoto zing'onozing'ono ku California, ndipo ku Britain inali itatseka kale mu 2022. Haidrojeniyo amamuziziritsa mpaka madigiri -40, moti galimoto zikamathira motsatizana, paipi imatha kuundana n'kukanirira pagalimoto. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta ku Lilongwe akudziwa mmene mtima umawawira, galimoto ili bwinobwino koma yosayenda.

Galimoto ya magetsi ya batire imachedwa kutchaja, inde, koma umailumikiza kunyumba usiku iwe n'kukagona.

Mukandikakamiza kusankha pa ziwiri zija, nditenga Mirai, chifukwa ndimaikhulupirira Toyota. Koma ndalama zanga lero ndingagulire Prius, Toyota yoyendera petulo ndi magetsi, kapena ya batire ngati kunyumba kuli potchajira.