Tepi, laser kapena foni: tiyezere chiti?

M'mashopu a zida zomangira mwadzaza tizipangizo ta laser toyezera mtunda, ndipo ena ayamba kungoloza foni pakhoma n'kuwerenga nambala. Funso likumveka pakati pa amisiri n'lakuti kodi tepi ipume basi? Ine ndikuti ayi, koma ntchito ina iyenera kulandidwa.

Kachipangizo ka laser kamayeza potumiza kuwala kukhoma n'kukulandira kukabwerera. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, moti m'chipinda cha mamita 5 kumakagunda khoma n'kubwerera pa gawo limodzi mwa magawo 30 miliyoni a sekondi. Kugwira kanthawi kotere mpaka kupeza milimita n'kovuta, choncho tizipangizo tambiri ta m'manja timazembera kwina. Timakweza ndi kutsitsa mphamvu ya kuwalako mofulumira zedi, kenako n'kuona kuti kobwererako kwatsalira motani poyerekeza ndi kumene kukutuluka. Kutsalirako ndiye kumaulula mtunda. Kampani ya Leica inatulutsa kachipangizo kake koyamba kotere, DISTO, mu 1993, ndipo lero Bosch GLM 50 C imafika mamita 50, kuphonya kwake milimita imodzi ndi theka yokha. Muli nokhanokha, osakwera makwerero, osaitana mwana kuti agwire mbali inayo, mwadziwa kale kutalika kwa siling'i, ndipo masikweya mita a matailosi kakuwerengerani komweko. M'nyumba mulibe chopikisana nako.

Koma tulukani nako panja dzuwa lili paliwombo. Kadontho kofiira kosonyeza pamene mwaloza kamasowa, mumangoloza mongoganizira. Pagalasi ndi pamadzi kuwala kumadutsa kapena kunjanjira kwina, nambala n'kutuluka yabodza. Muonenso ngati kakuyambira kuwerenga kumutu kapena kumbuyo kwake, chifukwa kusiyana kwake ndi masentimita pafupifupi 10, okwanira kuti felemu ya chitseko ibwerere kwa owotcherera.

Foni nkhani yake ndi ina. Pulogalamu ngati Measure ya Apple, imene inabwera mu 2018, pa mafoni ambiri imadalira kamera yokha. Imafufuza m'chithunzi timalo tozindikirika, monga ngodya ya tebulo kapena mizere ya njerwa, ndipo mukamasuntha foni imaona mmene timaloto tikusunthira, n'kuphatikiza ndi zimene masensa a m'kati akunena za kayendedwe ka dzanja lanu. Imachita zonsezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ikaona chinthu cha ngodya zinayi imachijambulira yokha malire. Luso lake n'lodabwitsadi. Vuto n'lakuti khoma lopakidwa pulasitala ndi penti yoyera mbee lilibe pogwira, mumdima ndiye usanene. Yezani khoma lomwelo kawiri, mupeza mayankho awiri. Google inasiya pulogalamu yake yotere mu 2021.

Kuyambira pa iPhone 12 Pro ya 2020, mafoni a Pro ali ndi LiDAR, yomwe imamwaza timadontho ta kuwala kosaoneka ndi maso n'kuwerenga nthawi imene tabwerera. Imagwira ngakhale mumdima, koma imathera pa mamita 5, ndipo kuphonya kwake kumakhala m'masentimita. Poona ngati sofa ikwana pabalaza, kapena poyerekeza zitini za penti, ndi yokwanira. Galasi la windo musaitanitse ndi muyezo umenewo.

Tepi nayo si mngelo. Yachitsulo imakhala yolondola kutentha kukakhala madigiri 20. Kutentha kukafika 35, monga zimachitikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje, tepi ya mamita 30 imatalika ndi mamilimita pafupifupi 5. Ikalendewera pakati imaphonyanso. Ndipo kachitsulo ka kumapeto kaja kamagwedera dala, kuti kukhuthala kwake kusasokoneze muyezo mukakakoleka kapena mukakakankhira kukhoma. Ena amakakhomerera ndi hamala poganiza kuti kakukonzeka, osadziwa kuti akuwononga tepi. Komabe ndi yokhayo imene mungaigoneke pathabwa n'kulemba ndi pensulo podula, imazungulira chipilala, imayeza maziko padzuwa, ndipo sifuna mabatire.

Woika matailosi, siling'i kapena mawaya a magetsi agule laser, ndalama yake ibwerera pa nthawi imene apulumutse. Kalipentala ndi wokumba maziko asavutike nayo. Ngati mukugula kachipangizo ka laser kopanda dzina lodziwika, pitani ndi tepi yanu kushopuko, muyeze khoma limodzi ndi zonse ziwiri kangapo musanatulutse ndalama.