Fulati yathu ya ku Muizenberg patatha chaka: dzimbiri latidyera ndalama

Sabata ino talandira kalata ya body corporate (bungwe la eni mafulati a m'nyumba yathu) yoti aliyense alipire special levy, ndalama yapadera yokonzera makhonde ndi zitsulo zakunja. Ndiye ndati ndilembenso za fulati yathuyi, imene tinagula ku Muizenberg, m'mphepete mwa nyanja ku Cape Town, South Africa, poti zomwe ndinalemba titangolowa zinali zoyamikira zokhazokha.

Zabwino zilipobe. Siteshoni ya sitima ya Southern Line yopita m'tauni ya Cape Town timafikako wapansi. Madzi a False Bay, nyanja ya kuno, sazizira ngati a ku Camps Bay, gombe la mbali ina ya Cape Town, ndipo ana akamasambira pagombe la Surfer's Corner mtima umakhala m'malo chifukwa a Shark Spotters amayang'anira shaki ali paphiri. Nsomba timagula padoko la Kalk Bay, ndipo ukapita ku Capricorn, dera loyandikana nafe, Chichewa chimamveka mumsewu.

Chomwe chandipweteka ndi mchere. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi mphepo ya southeaster (yochokera kum'mwera chakum'mawa) imawomba osapuma, itanyamula mchenga ndi chinyezi cha m'nyanja. Poyamba ndinkangosesa mchenga pakhonde m'mawa uliwonse. Kenako penti ya pa zitsulo za m'mawindo inayamba kutukumuka ngati matuza. Nditakanda ndi chikhadabo, chitsulo chinangonyenyeka, kunsi kwake kuli dzimbiri lakalekale. Mahinjesi a chitseko cha pakhonde anauma, loko tasintha, furiji nayo yayamba madontho ofiira m'munsi. Mvula ya mu Juni ndi Julayi itabwera, madzi analowera m'mafelemu omwewo ndipo khoma la kuchipinda kwa ana linachita chuku.

Mmisiri amene anabwera anangoyang'ana n'kunena kuti pentiyo inapakidwa pamwamba pa dzimbiri, osapala. Wogulitsa nditamuimbira anandikumbutsa kuti tinasaina voetstoots, kutanthauza kuti nyumba tinaigula mmene inalili. Komatu lamulo limenelo siliteteza munthu wobisa dala chilema chimene akuchidziwa, ndipo kuyambira 2022 wogulitsa kudzera kwa ejenti amayenera kulemba zilema za nyumba pafomu. Pa fomu yathu za dzimbiri palibe. Pano wogulitsayo foni sakuyankha.

Tsiku lopanda mphepo, ndikamayenda m'mbali mwa nyanja kulowera ku St James, ndimati sitinalakwitse. Ndikawerengera levy ya mwezi ndi mwezi, special levy, ndi mawindo a aluminiyamu amene tikufunika kuika, mtengo umene tinalipira unali wokwera kwambiri. Wogulitsayo akabweza ndalama ya mawindo, ndidzauza aliyense kuti agule kuno. Akapitiriza kukhala chete, nkhaniyi ikupita kwa loya.