Makamera a pa phiri la Kīlauea: ndi abwino, koma musawatsegule mwachisawawa

Aphunzitsi anzanga a Geografia kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, ndiponso aliyense amene foni yake imalowa pa YouTube, mundimvere. Bungwe la boma la America lofufuza za nthaka ndi miyala, la USGS, linaika makamera m'mphepete mwa chidzenje cha pamwamba pa phiri la Kīlauea ku Hawaii, ndipo makamerawo amaulutsa usana ndi usiku zimene phirilo likuchita. Mu 2025 analipo atatu, otchedwa V1cam, V2cam ndi V3cam. Salipiritsa kanthu, chimene mumawononga ndi mamega anu basi. Ine ndimawakonda ndipo ndikuwayamikira, koma ndinene poyambirira pomwe kuti mukangotsegula tsiku lililonse limene mwaganiza, mudzapeza utsi woyera ukufuka pa thanthwe lakuda bii, mamega n'kutha, inu n'kumati mphunzitsi wa ku Ulongwe uja anatinamiza.

Phirili silitumphuka nthawi zonse. Kuphulika kumene ndikunenaku kunayamba pa 23 Disembala 2024 m'chidzenje chotchedwa Halemaʻumaʻu, ndipo chaka chonse cha 2025 kunkachitika m'magawomagawo. Zibowo ziwiri, china chakumpoto china chakumwera, zimaponya chiphalaphala m'mwamba kwa maola angapo, kawirikawiri tsiku lisanathe zaleka, kenako zii kwa mlungu umodzi, iwiri, mwina kuposerapo. Masiku a zii ndi ochuluka kutalitali. Khalidwe limeneli si lachilendo kumeneko: mu 1959 pamalo otchedwa Kīlauea Iki panachitika magawo 17, kasupe wina wa chiphalaphala n'kufika mamita 580, ndipo kuyambira 1983 mpaka 1986 chibowo cha Puʻuʻōʻō chinachita magawo 44. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, zoonadi, koma kudekha uli pa YouTube kumadya ndalama.

Ndiye chimene ndimayamba kutsegula si kamera ayi. Ndimatsegula nkhani ya tsikulo imene akatswiri a Hawaiian Volcano Observatory, nthambi ya USGS imene inayamba mu 1912, amalemba pa tsamba lawo. Ndi mawu okhaokha, sadya mamega. Pafupi ndi nkhaniyo pali kachithunzi ka mzere wokwera ndi kutsika, ndipo kwa ine kamzere kameneka ndiye chuma chenicheni cha ntchito yonseyi, kuposa makamera atatu aja. Kamachokera ku kachipangizo kotchedwa tiltmeter, kamene anakakwirira pamwamba pa phiri kuti kaziyeza kupendekeka kwa nthaka. Pansi pa chidzenjecho pali nkhokwe ya mwala wosungunuka. Nkhokweyo ikamadzaza, nthaka ya pamwamba imatupa pang'onopang'ono, mzere uja n'kumakwera tsiku ndi tsiku. Kutupako n'kochepa zedi, munthu sangakuone ndi maso: amayeza m'mamicroradian, ndipo imodzi ndi kukwera kwa milimita imodzi pa mtunda wa kilomita imodzi. Chiphalaphala chikangoyamba kutumphuka, nkhokwe imaphwa, mzere umagwa chagada m'maola ochepa. Chikaleka, mzere uyambanso kukwera. Mukayang'ana miyezi ingapo pamodzi mumaona kukwera pang'onopang'ono, kugwa mwadzidzidzi, kukwera, kugwa, ndipo mwana wa kalasi iliyonse akaonetsedwa kawiri katatu amayamba yekha kulosera kuti mzerewu watsala pang'ono kufika pamene unagwera ulendo watha. Akatswiriwo amachitanso chimodzimodzi, kungoti iwo amawonjezera zivomezi zing'onozing'ono ndi kuchuluka kwa mpweya, ndipo amatchula masiku amene akuganiza kuti gawo lotsatira liyamba. Masikuwo amasuntha nthawi zina, ndipo akasuntha amanena poyera ndi chifukwa chake. Zimenezi ndimazilemekeza.

Mzere ukakwera mokwanira, pamenepo ndiye tsegulani kamera. Muyamba kuona chiphalaphala chikukwera m'chibowo, n'kusefukira pang'ono, n'kubwereranso pansi, kenako kukweranso. Chimatha kuchita zimenezi kwa maola ambiri, ngakhale masiku. Musatope, ndi chizindikiro chakuti mpweya ukusonkhana pansipo.

Tili ndi mwayi umodzi umene anthu a ku Hawaii eni ake alibe. Nthawi yawo ili kumbuyo kwa yathu ndi maola 12 ndendende, moti kuno ikamakwana 12 koloko masana, ana ali m'kalasi, kumeneko ndi pakati pa usiku, ndipo chiphalaphala chimaoneka bwino mumdima. Pa dziko lozungulirali, Hawaii ali pafupifupi kuseri kwenikweni kwa ife. Mutaboola pansi kuchokera kumeneko mungakatulukire ku Botswana.

Tsiku lina gawo linayamba tili m'kalasi. Ndinatsamiritsa foni pa mulu wa makope pa tebulo, ana n'kuunjikana, aafupi kutsogolo, aatali atakwera pa mabenchi. Kasupeyo pansi penipeni anali wachikasu chowala mpaka kamera kulephera kumugwira bwino, pakati wofiirira, pamwamba wofiira psuu, ndipo zidutswa zimene zimapatuka pamwambapo zinkada zikugwa, kuzizira zisanafike pansi. Mphepo ikawomba kasupe yense ankawerama mbali imodzi. Pansi pa chidzenje chiphalaphala chinkayenda m'timitsinje, pamwamba pake patachita khungu lakuda limene linkang'ambika, mizere yofiira n'kumaonekera m'ming'alumo. Mtsikana wina wosalankhulalankhula anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga zimene zikugwazo zikupita kuti?" Ndinamuuza ayang'ane kuseri kwa chibowo. Kunali chulu chachikulu chimene miyezi ingapo m'mbuyomo kunalibe, chomangidwa ndi zidutswa zomwezo. M'buku lathu muli chithunzi cha phiri lodulidwa pakati, chokhala ndi mivi yoloza uku ndi uku, ndipo ndachijambula pa bolodi zaka zambiri, koma funso ngati limeneli silinabwerepo.

Funso lina linachokera kwa mlamu wanga amene wagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Ataonerera kanthawi anati, "Alamu, malasha ake ndi otani oyaka chonchi osatha?" Anthu ambiri amaganiza motero, ndipo kamera payokha singakuwongoleni. Palibe chimene chikuyaka pamenepo. Ndi mwala wosungunuka, wotentha madigiri pafupifupi 1,150, ndipo ukuwala chifukwa cha kutenthako. Chimene chimauponya m'mwamba ndi mpweya wosungunukira m'kati mwake: nthunzi yamadzi, carbon dioxide ndi sulfur dioxide. Pansi kwambiri mpweyawo umakhala wopanikizika, suoneka. Mwala ukamakwera, kupanikizako kumachepa, mpweya umasanduka thovu, thovulo limafutukuka mofulumira n'kukankha zonse kunja. Amene anatsegulapo botolo la thobwa logonera, lotupa gwa, akudziwa zimene zimachitika chitsekerero chikangomasuka. Mwala wa ku Hawaii ndi wa mtundu wa basalt, wamadzimadzi, ndiye mpweya umatuluka mosavuta n'kupanga kasupe. Mapiri ena mwala wake ndi wolimba nda, mpweya umatsekeredwa mpaka phiri kuphulika ndi phulusa, monga linachitira phiri la Pinatubo ku Philippines mu 1991. Alamu anagwedeza mutu, koma anapitirizabe kuchitcha moto, ndipo sindinalimbane nawo.

Tsopano zovuta zake, poti ziliponso. Palibe munthu wofotokoza zimene mukuona, ndipo nkhani ya tsiku ndi tsiku ija ili m'Chingerezi chokha. Ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi tiyenera kudzithandiza ndi zomasulira za pafoni, zimene zimapunthwa pa mawu a sayansi. Kutalika amakonda kuyamba kukutchula m'mafiti. Chulukitsani ndi 0.3 mupeza mamita, moti mafiti 1,000 ndi mamita pafupifupi 300. Samalaninso ndi deti, chifukwa akalemba kuti Lachiwiri madzulo, kuno ndi Lachitatu m'mawa. Pamwamba pa phiripo pamagwa mvula ndi nkhungu kawirikawiri, ndipo nthawi zina chithunzi chonse chimangoti mbuu, kuwala kofiira kokha kukuonekera m'kati.

Chovuta chachikulu kwa ine monga mphunzitsi n'chakuti kamera imachepetsa zinthu. M'chidzenjemo mulibe mtengo, nyumba kapena munthu woti muyerekezere, ndiye kasupe wa mamita 50 ndi wa mamita 300 amaoneka ofanana pa kagalasi ka foni. Mu Okutobala 2025, pa gawo la 35, kasupe wa chibowo chakumwera anafika pafupifupi mamita 460. Ana sanadabwe mpaka nditawakumbutsa kuti khoma la damu la Cahora Bassa ndi lotalika mamita 171, ndiye aunjike makoma awiri ndi theka, kasupeyo n'kukhalabe pamwamba. Kamera sikupatsaninso fungo. Pa nthawi ya kutumphuka phirili limatulutsa matani a sulfur dioxide okwana masauzande makumimakumi patsiku, amene amasanduka chifunga chotsokomoletsa anthu a m'midzi ya kumene mphepo ikupita. Kumagwanso tiulusi tagalasi topyapyala totchedwa tsitsi la Pele, dzina la mulungu wamkazi wa phirili kwa eni dziko, osati katswiri wa mpira uja wa ku Brazil. Timayabwa pakhungu ndi m'maso, ndipo kumeneko ambiri amamwa madzi amvula a padenga, ndiye amachenjezedwa kuti asamale matanki awo. Zonsezi mumazidziwa mukawerenga. Pa kamera pokha simungaziganizire.

Kamera ina inadzionera yokha mphamvu imeneyi. Pa 6 Disembala 2025, pa gawo la 38, kasupe anapendekekera kumwera n'kuyamba kuthira miyala yotentha kumene kunali V3cam. Kamerayo inapitiriza kuulutsa miyala ikuigwera mpaka chithunzi chinazima. Kanema wake alipo, ndipo ndi amene ndimaonetsa mwana aliyense wonena kuti akanakonda kukaima pafupi.

Za netiweki sindinena zambiri, aliyense akudziwa kwawo. Kuno ku vila zimatheka. Mukalowera kumidzi ya ku Dómuè nthawi ya dzinja, muzingoyembekezera chithunzi choima. Ine ndimatsitsa mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi kufika pa 360p, ndipo usiku wa ku Hawaii zofiira pa zakuda zimaonekabe bwino. Ndimatsegula mphindi zochepa, kutseka, kudzatsegulanso pakapita ola kuti ana aone kusintha.

Chenjerani ndi anthu ena a pa YouTube amene amatenga makanema akale n'kulemba kuti zikuchitika pompano, komanso timakanema ta pa WhatsApp topangidwa pakompyuta, toonetsa chiphalaphala chikumeza magalimoto mumzinda, anthu akuthamanga. Tsimikizani kuti dzina la tchanelo ndi USGS, ndipo fananizani ndi nkhani ya tsikulo. Ngati akatswiri alemba kuti phiri lili zii koma inu mukuona kasupe, wina akukuseweretsani.

Pali chinanso chimene ndimaopa ndi makamerawa: amachititsa phiri lophulika kuoneka ngati chionetsero. Kuphulika kwa mu 2025 kunkachitikira m'chidzenje, m'malo otetezedwa, kutali ndi nyumba za anthu. Koma Kīlauea yemweyu mu 2018 anatulukira m'munsi, pakati pa midzi, n'kuwononga nyumba zoposa 700. Kuno ku Africa, phiri la Nyiragongo ku Congo linathira chiphalaphala mumzinda wa Goma mu Januwale 2002, ndipo pa 22 Meyi 2021 linatumphukanso usiku, anthu zikwizikwi n'kuthawa, ena kuwolokera ku Rwanda. Ndikaonetsa Kīlauea ndimanenanso za Goma tsiku lomwelo. Ana akafunsa ngati kuno zingachitike, ndimawauza zoona: ku Tete kulibe phiri lophulika lamoyo, koma nthaka yathu inazionapo kalekale. Monte Muambe, m'boma la Moatize, ndi phiri lophulika lakale limene linazima, ndipo madzi otentha a ku Boroma amatikumbutsa kuti pansi m'potentha. Nyanja ya Malawi, imene kuno timaitcha Niassa, ili mu mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, womwewo umene kumpoto kwake kuli Nyiragongo. Hawaii ndi nkhani ina: ali pakati pa chigamba chachikulu cha nthaka cha pansi pa nyanja ya Pacific, chimene chikuyenda masentimita angapo pachaka pamwamba pa malo amodzi otentha kwambiri, n'chifukwa chake zilumba zake zinandandalika mzere.

Kwa anzanga a masukulu opanda netiweki, makanema afupiafupi ndi zithunzi zimene USGS imajambula yokha ndi za aliyense, simufunika kupempha chilolezo. Mukabwera ku vila kudzalandira malipiro, koperani kanema mmodzi wa usiku, wina wa masana, ndi uja wa V3cam. Musaiwale kujambulanso kachithunzi ka mzere wokwera ndi kutsika kaja, ka miyezi itatu, kuti mukakajambule pa bolodi ndi choko ana asanaone kanema.